Nsalu Ikadali Yofiira

Sopo anakulitsa diso lamanzere la achemwali ake mpaka linadzaza galasi lonse la kompyuta. Kenaka, pang'onopang'ono ngati munthu wotseka chitseko pamene mwana wagona, anatsitsa chikope chapamwamba kuti chiphimbe koyera kumene kunkaonekera pamwamba pa kakuda. Anachita chimodzimodzi ndi diso lamanja. Atamaliza maso anatsikira pakhosi, pomwe panali potupa ngati munthu wameza dzira osatafuna, ndipo anasalazapo mpaka khosilo linabwerera mmene linalili kale.

Kuseri kwa katani, m'chipinda chojambulira, khanda linkalira ngati lakhalira linthumbu.

"Yang'ana kuno, bebi! Kuno, kuno!" ankatero achemwali ake, akugwedeza kachidole ka mphira pamwamba pa kamera. Khandalo likawayang'ana, linkawonjezera kulira.

"Mwina mukadavala magalasi, amayi," anatero mayi wa khandalo, ndi ulemu wochita kukakamiza. "Mwanayu satero ayi. Akuona ngati mukumukalipira."

"Ndimukalipire wandilakwira chiyani? Sopo! Tabwera udzagwire chidolechi, wangokhala uko ngati bwana."

Sopo anatseka chithunzicho msangamsanga n'kutuluka. Atangotenga chidole m'manja mwa achemwali ake, khandalo linaleka kulira n'kuyamba kuseka, misozi ikadali m'masaya. Mayi uja anayang'ana pansi. Achemwali anadina kamera, thukuta likuyenderera m'khosi mwawo, ngakhale kuti fani inali ikupota ndipo ena onse m'chipindamo anali atavala majuzi.

Dzina loti Sopo anamupatsa ndi anthu a mumsewu umenewo, chifukwa nkhope iliyonse yodutsa m'manja mwake inkatuluka yosamba. Ziphuphu, zipsera, makwinya, ngakhale dzino loguluka la mkwati wina, zonse ankazikonza pakompyuta. "Sopo, undisambitse bwino, chithunzichi chikupita kwa apongozi," ankatero makasitomala. Iye ankangogwedeza mutu. Sanali munthu wa mawu ambiri. Achemwali akewo ndiwo anamulera, ndiwonso anamuphunzitsa ntchitoyi atamaliza sekondale, ndipo anamupatsa lamulo limodzi lokha. "Nkhope za makasitomala sambitsa mmene ungafunire, koma yanga usaikhudze. Ine ndinabadwa wosambasamba."

Lamulo limenelo ndi lomwe Sopo ankaliphwanya sabata iliyonse.

Alamu ake, amuna a achemwaliwo, anali dalaivala wa thiraki, woyenda maiko akutali, wobwera kunyumba mwa apo ndi apo. Kumapeto kwa sabata iliyonse, akatseka situdiyo, achemwali ankapesa tsitsi, n'kukhala pampando kutsogolo kwa nsalu yofiira yomwe inkalendewera kukhoma, kuti Sopo awajambule chithunzi chotumiza kwa amuna awo. Ntchito ya Sopo inali kungodula m'mbali mwa chithunzicho n'kuchitumiza pafoni yawo.

Tsiku lina, nyengo yamvula isanathe, achemwali anasuzumira pakompyuta n'kubwerera mmbuyo.

"Iii, koma ndikuoneka ngati ndaona mzukwa! Maso angadi amenewa?"

"Ndi kamera, achemwali. Ndinayandikira kwambiri," anatero Sopo. Mawuwo anangotuluka okha, monga mmene munthu amauzira mwana wogwa kuti sanapweteke.

Anawajambulanso. Chithunzi chachiwiri chinatuluka chimodzimodzi. Koma achemwali atapita kukatseka mawindo, Sopo anatsitsa zikope pang'ono chabe, pang'ono poti ngakhale mwini wake sakadazindikira. Atachiona pafoni, achemwali anamwetulira. "Eya, ndine ameneyu. Usamandiyandikire ndi kamera ngati ukujambula nsabwe."

Masabata anapita. Maso anapitiriza kutuzuka, ndipo dzanja la Sopo linapitiriza kuwabweza. Panabweranso zina. Achemwali ankadya chakudya cha anthu awiri koma masiketi ankawavuka. Manja anayamba kunjenjemera moti kamera anaiika pamiyendo yake yachitsulo, sankaigwiranso m'manja. Ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, lumo losowa, kasitomala wophethira, kenaka ankagwira pachifuwa n'kunena kuti mtima ukuthamanga ngati waba.

Khomo loyandikana ndi situdiyo linali la atelala, bambo wa nthabwala amene pakhonde pake sipankasowa anthu ocheza. Mmawa wina Sopo akutsegula chitseko, atelala anafuula, singano ili kukamwa.

"Sopo! Kadzidzi wakwanu uja wadzuka bwanji?"

Pakhonde ponse panagwa phwete. Ndipo Sopo, amene sankadziwa choyankha anthu akamuyang'ana onse nthawi imodzi, anaseka nawo. Kunali kuseka kwakufupi, kochokera m'mphuno, koma kunamukhala pakhosi tsiku lonse ngati munga wa nsomba. Kuyambira pamenepo, akamapita kokwerera minibasi madzulo, ankatsalira mmbuyo pang'ono, maso ali pafoni, kuti anthu otembenuka kuyang'ana achemwali ake asadziwe kuti ali limodzi.

Atelala omwewo ndiwo anayamba kunena zachipatala. Anabwera okha m'situdiyo kudzapereka siketi yomwe anaichepetsa, ndipo ulendo uno nthabwala anazisiya pakhonde.

"Amayi, musandione ngati wamwano. Siketi iyi si koyamba kuichepetsa. Ndiye masowo, ndi khosilo... Mukadakaonana ndi adokotala."

"Maso anga atani?"

"Aaa, ine ndangonena."

Achemwali anatulutsa foni n'kuitsegula ndi chala chonjenjemera. "Onani ichi. Cha sabata yomwe ino. Mukuonapo vuto? Galasi la kunyumba lija ndiye lopindika, ndinagula lotchipa. Anthu nawonso amaona zimene akufuna kuona. Koma kamera sinama. Eti Sopo?"

"Eee," anatero Sopo, osadzutsa mutu.

Atelala anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana nkhope ya achemwali, kenaka anayang'ana Sopo kwa kanthawi. Anapinda siketi ija bwinobwino, n'kuiika pakauntala, n'kutuluka.

Sopo ankadziwa kuti zithunzi zakezo zinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sabata iliyonse ankadziuza kuti ino ndi yomaliza. Koma akanasiya bwanji? Akanati asiye, maso a pachithunzi akanalumpha ulendo wa miyezi yonseyo tsiku limodzi, ndipo achemwali akanafunsa. Bodzalo linali ngati ngolo yotsetsereka: likamapita patali m'pamene linkavuta kuligwira. Zithunzi zenizeni sankazitaya. Ankazisunga pakona ina ya kompyuta, ndipo sankazitsegula.

Kenaka inafika nkhani ya nsalu.

"Sopo, nsalu iyi unaichapa ndi chiyani?" anafunsa achemwali mmawa wina, ataima pakati pa chipinda chojambulira, manja ali m'chiuno.

"Sindinaichape, achemwali."

"Ndiye yasuluka bwanji chonchi? Ikuoneka ngati dothi. Ukafunse atelala ngati ali ndi ina, yofiira yeniyeni."

Sopo anayang'ana nsaluyo. Inali yofiira ngati tsiku limene anaigula, yofiira ngati magazi a pabala latsopano.

Tsiku lomwelo achemwali anadandaula kuti makina osindikizira akutulutsa zithunzi zotuwa, ndipo anawonjezera okha utoto wofiira pa zithunzi za ukwati wina. Mawa lake mkwatibwi anabwera ali chitupire. "Amayi, anthu onse pa ukwati wanga akuoneka ngati matimati! Amuna anga akuoneka ngati awauka pamoto!" Achemwali anatenga zithunzizo, anaziyang'ana pafupi, anaziyang'ana patali. Anatseka diso limodzi ndi dzanja, kenaka linalo. Mkwatibwi atachoka, anakhala pampando wa makasitomala kwa nthawi yaitali.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero pomaliza. "Mawa undiperekeze kuchipatala."

Ulendo woyamba anangowatenga magazi. Ulendo wachiwiri anawalowetsa kwa adokotala, mayi wa tsitsi lalifupi ndi mawu odekha, amene anawagwira pakhosi, anawauza kutambasula manja, n'kuika pepala pamwamba pa zala zawo. Pepalalo linanjenjemera ngati tsamba. Sopo anakhala pakampando ka pakona, chikwama cha achemwali ake chili pamiyendo.

"Pakhosi apa pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro," anatero adokotala. "Ndiko kamauza thupi liwiro loyendera. Mtima ugunde bwanji, thupi litenthe bwanji, chakudya chithe msanga bwanji. Nakonso kamamvera uthenga wochokera ku ubongo. Uthengawo ukati gwira ntchito, kamagwira. Ukaleka kubwera, kamapuma."

"Ndiye kanga kapenga?"

"Ayi, kanu n'komvera kwambiri. Vuto lili ndi asilikali a m'thupi, aja amalimbana ndi matenda. Asokonezeka. Akupanga tizinthu tofanana ndi uthenga wa ku ubongo uja, ndipo tikugogoda pa maselo a chithokomiro osapuma: gwira ntchito, gwira ntchito. Maselowo sadziwa kuti uthengawo ndi wabodza. Amangomvera."

Achemwali anaseka pang'ono. "Ndiye kuti alonda anga omwe ndiwo akundipweteka? Ndinawalakwira chiyani?"

"Palibe. Iwo akuganiza kuti akukutetezani."

Sopo anayang'ana nsapato zake. Chingwe cha nsapato ina chinali chitamasuka, koma sanawerame kuti achimange.

"Zimenezo mankhwala alipo, ndipo muyamba lero," anapitiriza adokotala. "Chimene chikundidetsa nkhawa ndi maso. Uthenga womwewo umafikanso kuseri kwa maso. Minofu yakumeneko imatupa, imakankhira maso kunja, ndipo ikatupa kwambiri imafinya mtsempha woonera. N'chifukwa chake chofiira chikukusulukirani. Kodi masowa anayamba liti kutuluka chonchi? Muli ndi zithunzi zakale?"

Nkhope ya achemwali inawala. "Adokotala, mwafunsa mwini wake. Ine ndine wojambula. Ndili ndi chithunzi cha sabata iliyonse."

Anapereka foni. Adokotala anayamba kusuntha zithunzizo ndi chala, chimodzi ndi chimodzi, nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Atafika pa chomaliza anayang'ana tsiku lake, n'kuyang'ana achemwali.

"Ichi ndi cha sabata yathayi?"

"Eee."

"Sizinakonzedwe zithunzizi? Mafoni a masiku anowa amakongoletsa okha."

"Ayi ndithu. Ndi za kamera yeniyeni. Mlongo wangayu amangodula m'mbali basi. Nkhope yanga amadziwa kuti sakhudza."

Adokotala anatembenukira kukona. Sopo anamva makutu ake akutentha. Sananene kuti eee, sananene kuti ayi, koma mutu wake unagwedezeka pang'ono, ndipo adokotala anabwerera ku foni.

"Ndiye pali chimene sichikugwirizana," anatero. "Matenda amene ndanenawa amakankha maso pang'onopang'ono, kwa miyezi. Ngati sabata yatha munali chonchi, lero muli chonchi, ndiye kuti mwina kuseri kwa masowa kuli chinanso chimene sindikuchidziwa. Mankhwala amene ndimafuna kukuikirani m'diripu ndi amphamvu, amagoneka asilikali onse a m'thupi. Ngati kumeneko kuli mafinya, ndingakhale ndikuthira petulo pamoto. Muyambe mwakajambulitsa mutu kuchipatala chachikulu, tione."

"Kumeneko mzere wake ndi wotani?"

"Ndi wautali. Ndikulemberani kuti n'zachangu."

"Nanga masowa adikira?"

Adokotala anavundukula cholembera, n'kuchivundikiranso. "Tiyesetsa," anatero.

Panja, m'khonde la chipatala, anakhala pabenchi kudikira mankhwala. Anthu ankadutsa, ena pa njinga za odwala, ena atanyamula mabeseni. Mwana wina anaima kutsogolo kwawo n'kumayang'anitsitsa achemwali mpaka amayi ake anamukoka. Pakhoma la patsogolo pawo panali chozimira moto.

"Icho ndi chofiira, eti?" anafunsa achemwali motsitsa mawu.

"Eee."

"Ine ndikuona ngati njerwa yosapsa." Anapukuta thukuta ndi kansalu. "Tamvera, Sopo. Zikavuta, situdiyo ija ndi yako. Uli ndi dzanja labwino, kuposa langa. Ungophunzira kulankhula ndi anthu basi. Ndinkakuuza uli mwana kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Ankamuuzadi mwambi umenewo, pamene ankabisala kuseri kwa chitseko alendo akabwera, pamene ankalephera kupempha aphunzitsi kuti apite kuchimbudzi. Koma ulendo uno amene ankafera kuunako sinali mbewayo. Mbewa inali itakhala pabenchi, yathanzi, maso ake akuona mitundu yonse.

Sopo anaimirira. Anaika chikwama pamiyendo ya achemwali ake.

"Dikirani pompano. Musachoke, ngakhale mutalandira mankhwala."

"Ukupita kuti?"

"Ndikubwera."

Mu minibasi anakhala pafupi ndi khomo. Atafika anatsegula situdiyo, anayatsa kompyuta, n'kupita pakona ija. Zithunzizo zinatseguka zonse pamodzi, mizeremizere, nkhope imodzi yomweyo kutsogolo kwa nsalu imodzi yomweyo. Anali asanazionepo zili pamodzi chonchi. Anazitumiza ku makina osindikizira, n'kuima pambali kumvera kulira kwake, zithunzi zikutuluka zofunda.

Atelala anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Wabwera wekha? Zili bwanji uko?"

Sopo anapitiriza kusonkhanitsa zithunzizo. Atelala analowa, anatola chithunzi chimodzi, n'kuchiyang'ana.

"Ine ntchito yanga n'kubisa msoko," anatero, "ndiye msoko wa mnzanga ndimauona. Tsiku lija ndinauona." Anabweza chithunzicho pamwamba pa zinzake mosamala. "Dzina lija ndinawapatsa lija, pakamwa pangapa m'ponyansa. Thamanga, ndikutsekera ndine."

Pamene ankafika kuchipatala dzuwa linali litapendeka, ndipo mzere wa kwa adokotala unali utatha. Achemwali anali pabenchi pomwe paja, kapepala ka mankhwala kali m'manja.

"Iwe, wandisiya pano ngati katundu wosowa mwini. Muli chiyani mu envulopumo?"

"Tiyeni tilowenso."

"Tilowenso kukatani?"

Koma Sopo anali atagogoda kale. Adokotala anali akuvula jekete lawo loyera. Sopo sanapereke moni. Anapita patebulo, anasuntha mabuku, n'kuyamba kuyala zithunzi kuchokera kumanzere kupita kumanja, choyamba mpaka chomaliza. Tebulo litadzaza anayamba mzere wina.

"Zenizeni ndi izi," anatero, mawu ali okanda. "Za pafoni zija ndinazikonza. Zonse."

Adokotala anawerama patebulo, n'kuyenda ndi chala kuchokera pa chithunzi choyamba. Pamenepo maso anali ongodabwa pang'ono. Chala chikamapita kumanja, zikope zinkabwerera mmbuyo, koyera kunkakula, khosi linkatupa, masaya ankalowa m'kati. Kumwetulira kokha ndi kumene sikunasinthe, kumwetulira kwa mkazi wotumiza nkhope yake kwa mwamuna amene ali kutali.

Achemwali anayandikira. Anatola chithunzi chomaliza n'kuchiyika pafupi ndi nkhope yawo. Anachiyang'ana kwa nthawi yaitali. Kenaka anatola cha pakati, cha masiku amene atelala anabwera ndi siketi. Sanayang'ane Sopo ngakhale kamodzi.

"Izi ndiye zikugwirizana ndi magazi," anatero adokotala, akuvalanso jekete lija. "Ndi miyezi, monga ndimaganizira. Kujambula mutu mudzapitabe, koma sitidikira. Diripu tiyamba lero lomwe. Ndikukagoneka m'wodi." Atafika pakhomo anatembenuka ngati akufuna kunena kanthu kwa Sopo, koma anangomuyang'ana, n'kupita kukaitana anamwino.

M'wodi munali fungo la mankhwala okolopera. Achemwali anagona chagada, diripu ikudontha, maso ali kudenga chifukwa ngakhale akafuna kutsinzina zikope sizinkakumana. Sopo anakhala m'mphepete mwa bedi ngati munthu wokonzeka kuthamangitsidwa. Odwala ena ankacheza ndi abale awo, masipuni akulira m'mbale. Pa bedi lawo lokha ndi pamene panalibe mawu.

"Unkachita nane manyazi?" anafunsa achemwali, osatembenuka.

Sopo akanatha kunena kuti chinali chisoni. Chisonicho chinalipodi, ndipo achemwali akanamukhulupirira. Koma anali atatopa ndi kusalaza zinthu.

"Poyamba ndinkakumverani chisoni. Kenaka... eee. Manyazi."

"N'chifukwa chake unkatsalira mmbuyo popita kokwerera minibasi."

Sopo anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira pamsana. "Munkaona?"

"Ndi maso onsewa ndisaone?" Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ndinkaganiza kuti nsapato zikukuthina. Ndinatsala pang'ono kukugulira zina."

Misozi ya Sopo inagwera pa chofunda cha chipatala, n'kupanga timadontho takuda. Achemwali sanamutonthoze.

"Galasi linkandiuza zoona, ine n'kumalitukwana," anatero. "Atelala anandiuza zoona, ine n'kuwachititsa manyazi. Nanenso ndinkafuna kukhulupirira, usaganize kuti ndine chitsiru. Koma iwe ndinkakufunsa, Sopo. Ndinkati, eti Sopo? Alamu ako uko akutumiza mawu achikondi kwa mkazi amene kulibe."

"Pepani, achemwali."

"Pepani sabweza diso. Pita kunyumba, ukanditengere mswachi ndi zovala."

Anawatulutsa m'chipatala patapita masiku angapo, koma diripu ankabwererabe kukalandira. Mtima unayamba kudekha. Fani ija anaizimitsa, ndipo mmawa wina anabwereka juzi ya Sopo. Maso okha ndi amene sanafulumire. Adokotala anati kutupa kwasiya kukula, koma za mtsempha woonera sanalonjeze kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero. Anapemphanso kuti azibwera ndi chithunzi cha sabata iliyonse, chojambulidwa pamalo amodzimodzi, kuti aziona kusintha.

Masiku amenewo achemwali ankalankhula ndi Sopo za ntchito zokha. Mapepala atha. Kasitomala uja abwera masana. Popita kokwerera minibasi, Sopo ankayenda pambali pawo, phewa ndi phewa, ndipo anthu akatembenuka ankawayang'ana nayenso mpaka ankachotsa maso awo.

Kumapeto kwa sabata, atatseka situdiyo, achemwali anapesa tsitsi n'kukhala pampando uja. Anavula magalasi akuda amene anayamba kuvala chifukwa cha kuwala, n'kuwaika pamiyendo.

"Yandikira," anatero. "Adokotala akufuna aone bwino."

Sopo anayandikira. M'kamera munaoneka maso aakulu, ofiira m'mbali, onyowa, akumuyang'ana osaphethira. Anadina.

"Usandisambitse."

"Sindikhudza."

"Ndiimirira kumbuyo kwako."

Anaimadi kumbuyo kwake pamene ankadula m'mbali mwa chithunzicho, mpweya wawo ukumufika pakhosi. Chitafika pafoni yawo, anachiyang'ana, anapuma mozama, n'kulemba mawu ochepa pansi pake. Sopo anaona dzina la alamu ake pamwamba. Chala cha achemwali chinazengereza pang'ono, kenaka chinadina. Anaika foniyo chafufumimba pakauntala, ngati mbale yotentha.

Anabwerera m'chipinda chojambulira n'kuima kutsogolo kwa nsalu ija. Anaigwira ndi zala, anatseka diso limodzi, kenaka linalo.

"Atelala akuti nsalu yatsopano aipeza," anatero Sopo. "Ndiwauze chiyani?"

"Iyiyi ikadali yofiira?"

"Ikadali."

Achemwali anatembenuka n'kumuyang'ana. Aka kanali koyamba kumuyang'ana m'maso chichokereni m'chipinda cha adokotala chija.

"Ukunena zoona?"

Funsolo linamulowa Sopo ngati singano, chifukwa kale silinkafunsidwa m'situdiyo imeneyi. Sanayang'ane pansi.

"Ndi yofiira, achemwali. Pakona yakumanzere pokha ndi pamene pasuluka pang'ono, pomwe pamafika dzuwa la pawindo."

Achemwali anasuntha dzanja mpaka pakonapo, n'kupasisita ngati akufuna kumva mtunduwo ndi zala.

"Uwauze asunge yawoyo," anatero. "Ndidikira yomweyi."

Pakauntala paja foni inayamba kulira, ikuzungulira yokha pang'onopang'ono pathabwa. Onse awiri anaimva. Achemwali anatsala kaye pamenepo, dzanja lili pansalu.